Waya Woduka M'kati

A Yakobo ndi munthu wa mawaya. Pa Mangochi boma, galimoto ikakana kulira m'mawa, kapena nyali zikamathima zokha, anthu amangouzana kuti pitani kuseri kwa msika, pa shedi ya malata yomwe ili pansi pa mtengo wa mango. Iwo sakhudza giyabokosi, sakhudza mabuleki. Zawo ndi magetsi a galimoto basi.

Anabadwira ku Malindi, m'banja la asodzi a mpingo wa Angilikani. Bambo awo ankafuna kuti mwanayo alowe m'boti ngati abale ake, koma nyanja inkawazunguza mutu, ankasanza asanafike n'komwe poponya ukonde wa chilimira. Choncho ankatsala kumtunda, ndipo kumtundako n'kumene anazolowerana ndi a Bakali, mkulu wina amene ankakonza injini za maboti ndi majenereta. A Bakali ndi amene anawaphunzitsa kutsata waya kuchokera pamene wayambira mpaka pamene wathera, osalumpha. Atakula anakagwira ntchito m'magaraja a ku Limbe, kenako anabwerera kunyanja atakwatira Dorika, mwana wa ku Malindi komweko, amene mpaka lero amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika.

Galimoto zinasintha iwo akuona. Zinabwera za kompyuta, zodzaza timawaya towonda ngati ulusi, ndipo anzawo ambiri anazithawa. A Yakobo sanaziope. Mwana wawo Mabel, amene amaphunzitsa ku Zomba, anawagulira kachipangizo kolumikiza pansi pa chiwongolero, kamene kamauza foni pamene galimoto ikudandaula, ndipo anakaphunzira mwa iwo okha.

Chimene chinawaopsa ndi maso. Zinayamba ngati utsi wa kumunda umene umayala m'mawa, koma utsi wake sunkachoka. Manambala a pa mita yoyezera magetsi anayamba kusungunuka. Waya wofiira ndi wa bulauni anayamba kufanana, wobiriwira ndi wa buluu chimodzimodzi. Anagula magalasi pamsika, sanathandize. Sanauze munthu, koma Dorika anazindikira yekha, poona kuti kutchalitchi mwamuna wake amangoyendetsa milomo buku ali atatsegula pa tsamba lina. Anawauza kuti apite kuchipatala, iwo anakana. Amalume awo anapita kukachotsa ng'ala kalekale, nabwerako osaonanso mpaka imfa. Komanso panali china chimene sankachitchula: munthu wa mawaya zikamveka kuti saona, ndani angamusiyirenso galimoto?

M'nyengo ya mvula kunabwera Che Swadick ndi pikapu yawo ya dizilo. Che Swadick ndi bambo wa zaka za pakati, wofatsa, amene amanyamula usipa wouma, matumba a chimanga ndi anthu pakati pa Katuli ndi boma. Anadandaula kuti nyali ya injini ikumayaka, ndipo ikayaka galimoto imafooka ngati yamangidwa chingwe kumbuyo. A Yakobo analumikiza kachipangizo kaja, nayandikitsa foni pamphuno, ndipo inawalozera ku valavu ya EGR. Anawafotokozera eni galimoto kuti kameneka ndi kachitseko kobweza utsi wina wa ku ekizozi kuti ulowenso mu injini. Kompyuta ndi imene imakatsegula ndi kukatseka, ndipo ikasiya kumva kuti kachitsekoko kali pati, imachepetsa dala mphamvu kuti injini isaonongeke.

Mwa chizolowezi chawo anayenera kuyeza mawaya kaye. Koma pulagi yake inali ndi timawaya tisanu towonda, pamalo pamdima kuseri kwa injini, ndipo mwini galimoto anali ataima pomwepo. Anamasula valavuyo, naipeza itadzaza mwaye wakuda bii. Mtima unakhala pansi, chifukwa mwaye umaoneka ngakhale ndi maso ofooka. Anaitsuka, kuibwezera, n'kufufuta dandaulo lija mu kompyuta. Nyali inathima, Che Swadick anathokoza n'kumapita.

Sabata isanathe, m'mawa wina wa mitambo, pikapu ija inalowa pa shedi ikukwawa. Che Swadick anatsika nkhope itatupa ndi tulo. Anapereka moni monga mwa nthawi zonse, osakweza mawu, ndipo kufatsa kwawoko n'kumene kunawalasa kwambiri a Yakobo. Anafotokoza kuti dzulo lake ananyamula apongozi awo aamuna, Che Wadi, amene ankabanika, kuchokera ku Katuli kupita nawo kuchipatala cha pa boma. Ali pakati pa njira nyali ija inayaka, galimoto inafooka, ndipo pa chitunda chilichonse inkakwera ngati nkhono, wodwala akupumira m'mwamba kumbuyo. Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Tsopano mkuluyo anali pa mpweya, madokotala anali atanena kuti achibale aitanidwe, ndipo wodwalayo ankangotchula mkazi wake, Abiti Abudu, amene anatsala ku Katuli.

A Yakobo anafunsa ngati panalibe galimoto ina yoti ikawatenge mayiwo. Che Swadick anati za matola zimanyamuka zikadzaza, ndipo palibe imene ingapite n'kubwerera lero lomwe. Pa njinga yamoto mayiwo sangakwere, chiuno chinawavuta kalekale.

"Munandiuza kuti yatheka, a Yakobo," anatero. "Sindinabwere kudzakangana. Ndingofuna ndikwere phiri la Chowe, ndikawatenge mayiwo mvula isanagwe."

A Yakobo anatsegula boneti. Foni inanenanso za valavu yomweyo, ndipo ulendo uno anawerenga mpaka kumapeto, chilembo ndi chilembo: kompyuta inkadandaula kuti magetsi ochokera ku valavu akumatsika kwambiri. Nkhani sinali mwaye. Anayamba ndi fiyuzi, pogwiritsa ntchito kababu koyezera, chifukwa kuwala ankakuonabe. Fiyuzi inali bwino. Anazula pulagi, naipapasa, nainunkhiza ngati yapsa. Panalibe kanthu. Chotsatira chinali mita, ndipo atayiyatsa anangoona timizere takuda tikuyandama. Anaipendeketsa, kupita nayo padzuwa, kuipukuta ndi malaya. Che Swadick anali akuyang'ana kumapiri a ku Namwera, kumene mitambo inali itayamba kuda.

Pamenepo a Yakobo anapita kuseri kwa shedi n'kuimbira foni mkazi wawo. Anangonena kuti asiyire mnzake benchi abwere msanga. Dorika sanafunse chifukwa. Anafika akupukuta manja m'chitenje, fungo la anyezi lili guu, napereka moni kwa mlendo mwaulemu. Mwamuna wake anamupatsa mita n'kumuuza kuti azingowerenga mokweza chilichonse chimene chikuoneka. Kwa Che Swadick ananena kuti manja awo onse awiri adzakhala otanganidwa. Che Swadick anayang'ana mayiyo, nayang'ana bamboyo.

Anamufotokozera Dorika mwachidule, mwina pofuna kudzilimbitsa okha mtima. Pa mawaya asanu aja, awiri ndi oyendetsa kamota kotsegula valavu. Atatu otsalawo ndi a kachipangizo kouza kompyuta pamene valavu yafika: umodzi umabweretsa magetsi ochepa kuchokera ku kompyuta, wina umawabweza, ndipo wachitatu ndiwo wonyamula uthenga. Anapempha Che Swadick kuti apotoze kiyi osaliza injini, nagunditsa nsonga ya mita pa waya woyamba.

"Faifi, kadontho, ziro," anawerenga Dorika.

Zinali bwino. Wobweza uja nawonso unali bwino. Kuti ayeze wa uthenga anafunika kubwezera pulagi m'malo mwake, ndipo anapempha pini imene Dorika anamangira bulauzi, nailowetsa kumbuyo kwa pulagiyo motsata waya. Dorika anawerenga ziro, kadontho, eyiti. Imeneyo ndiyo nambala imene valavu yotseka imayenera kupereka. A Yakobo anamuuza awerengenso, ndipo inali yomweyo. Zonse zinali bwino, ndipo kwa munthu wa mawaya palibe choipa kuposa pamenepo, chifukwa vuto lobisala galimoto ikaima limadzabwerera pamsewu. Thukuta linayamba kutsika m'khosi ngakhale kunja kunali kamphepo.

Anaganiza zoyesa kamota kaja mwachindunji. Anazulanso pulagi, natenga waya wawo wautali, kuukola ku batire, n'kuyamba kufunafuna wofiira umene ankadziwa kuti ndi wa kamota. Chifukwa cha changu chawocho anagwira mbali ya pulagi yopita ku kompyuta, ndipo nsonga inali itatsala pang'ono kugunda pamene Dorika anawagwira dzanja.

"Bambo a Mabel, umenewo si wofiira. Ndi wa pinki. Ndi uja munalowetsamo pini."

A Yakobo anaima chilili. Akanagunditsa magetsi onse a batire pa waya umenewo, kompyuta ya galimoto ikanatha kupsa pomwepo, ndipo pikapu sikanayendanso lero, mawa, kapena mwezi uno. Anachotsa waya uja ku batire pang'onopang'ono, nauika pansi.

Che Swadick anali ataona zonse. Anatsika m'galimoto, nabwera kudzaima pafupi.

"A Yakobo, kodi maso ali bwanji?"

Panalibenso pothawira. A Yakobo ananena kuti maso ayamba kuchita chifunga, mitundu ya mawaya sakuisiyanitsa, ndi manambala omwe. Anati ngati Che Swadick akufuna kupita kwa wina, iwo sangadandaule, ndipo anatchula dzina la mnzawo wa mawaya amene ali tsidya la mlatho. Che Swadick anatulutsa foni m'thumba n'kupita cha kumsewu. A Yakobo anakhala pa tayala lakale akumva mawu a Chiyao chapansipansi, nakhulupirira kuti munthuyo akuitana makaniko wina, ndipo kuti dzuwa likamalowa boma lonse likhala litamva. Dorika anangoima ndi mita m'manja, osadziwa poiika.

Che Swadick anabwerera n'kunena kuti amalankhula ndi akazi awo kuchipatala. Mkulu uja anali akufunsabe ngati galimoto yanyamuka.

"Nthawi yokayambiranso kwina ndilibe," anatero. "Amayiwa ali pano, maso alipo. Pitirizani."

A Yakobo anadzuka. Ulendo uno sanathamangire kugwira waya. Anafunsa funso limene anayenera kufunsa tsiku loyamba lija: kodi nyaliyo imayaka galimoto ili pati? Che Swadick anaganiza pang'ono, nati pa tala siyakapo. Imayaka pa msewu wafumbi pamene pali maenje, makamaka akapondereza mafuta pokwera chitunda. A Yakobo anagwedeza mutu. Injini ikamakoka molimba imapendekera mbali imodzi, ndipo mawaya omangidwa pa iyo amakokeka nayo.

Anabwezera pulagi ndi pini ija, nauza Dorika kuti asachotse maso pa mita, aziwerenga mosalekeza ngakhale nambala isasinthe. Kenako anatseka maso awo, popeza sankawathandiza, n'kuyamba kutsata mtolo wa mawaya ndi zala kuchokera pa pulagi, akuupinda pang'ono, akuugwedeza, akusuntha chala chimodzi chimodzi. Dorika ankangobwereza kuti ziro eyiti, ziro eyiti, mawu ake akumveka ngati a munthu amene akupemphera. Kumapiri kunagunda bingu. Mkono wa a Yakobo unalowa mpaka m'chigongono kuseri kwa injini, chitsulo chotentha chikuwawotcha, mpaka zala zinafika pamene mtolowo umadutsa pa kachitsulo kougwira.

"Ziro eyiti. Ziro eyiti. Ziro ziro. Yabwereranso, ziro eyiti."

Anapindanso pomwepo, ndipo nambala inagwanso. Anasiya, inabwerera. Anachita kangapo kuti atsimikize, kenako anamasula kachitsulo kaja, kukokera mtolowo poyera, n'kusenda tepi yakuda imene inaukulunga. Anafunsa Dorika ngati akuona waya wokhuzuka kapena wodyedwa ndi khoswe. Dorika anayang'anitsitsa, Che Swadick anaunika ndi tochi ya foni, ndipo onse awiri anati mawaya onse ndi osalala, palibe ndi chipsera chomwe. A Yakobo anagwira waya umodzi umodzi ndi manja awiri n'kumakoka mofatsa. Woyamba unali wolimba, wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu unatamuka ngati mphira. Khungu lake linali lamoyo, koma mkuwa wa m'kati unali utaduka, nsonga zake zikungogundana galimoto ikaima n'kumasiyana ikagwedezeka.

Anafunsa mtundu wake. Dorika anati ndi wa pinki.

Anaudula, nasenda mbali zonse ziwiri, nalumikiza chidutswa chatsopano chotalikirapo kuti waya usamakokekenso. Powotcherera, Dorika ndi amene ankawauza kuti sunthani pang'ono kumanzere, tsopano zagwira. Anakulunga tepi, nadutsitsa mtolowo patali ndi kachitsulo kaja, naumanga ndi chidutswa cha chubu. Atapindanso paliponse, nambala sinasunthe. Anafufuta dandaulo mu kompyuta, ndipo onse atatu anakwera n'kukayesa pa msewu wa maenje wodutsa kuseri kwa nyumba za m'mbali mwa mtsinje. Che Swadick anaponda mafuta mosanyengerera. A Yakobo ankafunsa pafupipafupi ngati nyali yayaka, ndipo yankho linali lakuti ayi.

Che Swadick anawatsitsa pa shedi, natembenuza galimoto osazimitsa injini. A Yakobo anagwira chitseko n'kuwapempha kuti akangokwera phiri aimbe foni. Che Swadick anavomera ndi mutu, nanyamuka kulowera ku mlatho.

Masana amenewo anatalika. Kunabwera minibasi ya vuto la mawaipa, a Yakobo anauza dalaivala kuti abwere mawa. Anasonkhanitsa zida, kenako anazimwazanso pofuna sikuludiraiva imene inali m'thumba mwawo. M'mutu ankabwerezabwereza ntchito ija. Kodi mfundo ija inagwira bwino? Nanga ngati panali waya wina wodukanso chapatsogolo? Nanga ngati pokoka mawaya aja anafooketsa wina umene unali bwino? Foni anaiika pa bondo, ndipo nthawi ndi nthawi ankafunsa Dorika ngati ili yoyaka. Mvula inayamba kugwa pa boma, yamadontho akuluakulu, ikulira pa malata.

Dorika sanabwerere kumsika. Anakhala pa benchi akuyang'ana madzi akutsika m'ngalande, ndipo patapita nthawi analankhula osayang'ana mwamuna wake.

"Lero mukanawotcha galimoto ya eni ake, mayi uja n'kulephera kutsanzikana ndi amuna awo. Ine ndimuimbira Mabel. Mukafuna kukwiya, kwiyani."

A Yakobo anafunsa ngati Dorika angadzawaperekeze kuchipatala cha maso, ndipo iye anayankha kuti nanga angapite ndi ndani wina.

Pa phiri foni sinalire. A Yakobo anayesa kuimba okha, koma ya Che Swadick sinkapezeka. Dorika anawakumbutsa kuti kumeneko netiweki imavuta, iwo anati akudziwa, nayesanso. Inadzalira mvula itayamba kukata, ndipo mawu a Che Swadick ankadukaduka. Anali ku Katuli. Mayi aja anali atakwera kale, nyali sinayake njira yonse, ndipo ankathamangira kuwoloka kamtsinje kena madzi asanakwere. Foni inaduka a Yakobo asanayankhe. Anaiyang'ana kanthawi, kenako anauza Dorika kuti ulendo wobwerera ndi umene uli ndi matope, ndipo anakhalabe pa shedipo mpaka uthenga unafika woti alowa pa geti ya chipatala.

Abiti Abudu anawapeza amuna awo akuzindikirabe anthu, ndipo anakhala nawo pambali mpaka Lachisanu m'mamawa pamene Che Wadi anamwalira. Pikapu yomweyo ndi imene inanyamula maliro kupita ku Katuli kukaika tsiku lomwelo. A Yakobo anamva uthengawu kwa Che Swadick eni ake, amene anaima pa shedi sabata yotsatira kudzangopereka moni. Za maso sanazitchulenso.

Mabel anabwera kumapeto kwa mwezi, ndipo atatuwo anapita ku chipatala cha maso. A Yakobo anapezeka ndi ng'ala m'maso onse awiri. M'mawa wa opareshoni a Yakobo anakana kudya, ndipo ali pamzere anafunsa namwino kawiri konse ngati alipo amene amatuluka m'chipindamo osaona. Madokotala anayamba ndi diso lakumanzere. Atawachotsa bandeji, chinthu choyamba chimene anadandaula n'chakuti kunja kukuwala mopweteka.

Pano anabwerera pa shedi. Mitundu ya mawaya akuiona, manambala akuwerenga okha, koma ndi diso limodzi mtunda umawanamiza, ndipo chala chawo chamkombaphala chili ndi zipsera za chowotcherera. Nkhani ya maso awo inamveka ndithu pa boma, sadziwa kuti inadzera kwa yani. Madalaivala ena anasamukira tsidya la mlatho, ena akubwerabe. Diso lakumanja anauzidwa kuti adzapite nalo dzinja likatha, ndipo Dorika akawakumbutsa amayankha kuti ntchito yachuluka, adzaona mwezi wa mawa.